Sukulu ya Mvera ndi tisukulu ta m'midzi ta Adatchi: mafunso ndi mayankho

Masukulu ambiri a Sinodi ya Nkhoma m'chigawo chapakati, ngakhalenso ena a kum'mawa kwa Zambia, mukawatsata m'mbuyo mukafika pa Mvera. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amatuluka kawirikawiri anthu akayamba kukambirana za mmene sukulu yaing'ono ija idayambira ndi mmene idaberekera ena.

Kodi Mvera ili kuti, ndipo sukulu yake idayamba liti?

Mvera ili kum'mawa kwa boma la Dowa, m'mapiri amene munthu amadutsa akamachokera ku Lilongwe asanatsetserekere ku Salima. Pa 28 Novembala 1889 abusa awiri a mpingo wa Dutch Reformed (amene anthu amawatchula Adatchi) ochokera ku Cape, ku South Africa, a Andrew Charles Murray ndi a T.C.B. Vlok, adamanga msasa wawo kumeneko, m'dziko la Chiwere, mfumu ya Angoni. Sukulu idatsegulidwa chaka chotsatira, mu 1890.

Musaganize za midadada ya njerwa ndi belu lopachika pamtengo wa mbendera. Nthawi imeneyo kunalibe msewu, kunalibe sitolo, ndipo ngakhale boma la Angerezi linali lisanakhazikike, poti dziko lino lidalengezedwa kukhala pansi pa chitetezo cha Britain mu 1891. Katundu yense wa mishoni, kuyambira misomali mpaka masileti, ankatsikira ku Domira Bay pa sitima ya panyanja, kenaka amtengatenga n'kumusenza pamutu kukwera naye mapiri.

Kodi imeneyi ndiyo sukulu yoyamba m'Malawi?

Ayi. Amishoni a UMCA, a mpingo wa Anglican, adaphunzitsapo anthu oomboledwa ku ukapolo pa Magomero mu 1861, ngakhale ntchitoyo sidakhalitse. Amishoni a ku Scotland otchedwa a Livingstonia adafika ku Cape Maclear mu 1875, anzawo a mishoni ya Blantyre adafika mu 1876, ndipo pofika 1889 masukulu anali atazika kale mizu ku Bandawe ndi ku Likoma. Ulemu wa Mvera ndi wakuti ndiyo idatsegula khomo la kumtunda kwa chigawo chapakati, kumene Achewa ndi Angoni ochuluka ankakhala kutali ndi nyanja ndi sitima zake.

Chidawakokera ku Mvera n'chiyani, kusiya malo ena onse?

A Murray adafika kuno mu 1888, atatumizidwa ndi kabungwe ka abusa a ku Cape amene ankasonkha ndalama za m'matumba mwawo. Poyamba adakhala pansi pa Dr Robert Laws, mtsogoleri wa a Livingstonia, ku Bandawe, ndipo adakayendera kumpoto kwenikweni kwa nyanja, koma adadwalako kwambiri. A Vlok atabwera mu 1889, awiriwo adayenda ulendo wapansi kuzungulira dziko la Achewa ndi Angoni a pakati, n'kusankha kwa Chiwere. Zifukwa zake n'zosavuta kuziona. Kunali anthu ambiri. Kunali kokwera, kozizirirapo, ndipo manda a ku Cape Maclear anali ataphunzitsa kale azungu kuopa malungo a m'mbali mwa nyanja. Komanso kunalibe mishoni ina, choncho sakadapondana zala ndi a Livingstonia kapena a Blantyre.

Nanga Chiwere adalola bwanji? Kodi ankafuna kuti ana ake aphunzire?

Apa m'pamene nkhani zambiri zokambidwa pa zikondwerero za mpingo zimathamanga kwambiri. Mafumu a nthawi imeneyo sankapempha afabeti, poti anali asanaone phindu lake. Mzungu wokhala m'dziko lako anali gwero la nsalu, mikanda ndi mankhwala. Anali ulemu pamaso pa mafumu anzako. Ndipo ukamukana, ankapita kukakhala kwa mdani wako ndi zonsezo. Mfumu yochenjera inkamulandira, n'kumuika pamalo poti izimuona bwino.

Kumbukiraninso mmene dziko linalili. Angoni ankathira nkhondo midzi ya Achewa, ndipo Achewa ambiri adathawira pamwamba pa mapiri kapena kudzitsekera m'malinga. Kunyanja malonda a akapolo anali adakali moyo, Jumbe, wamalonda a akapolo, ali pa Nkhotakota. N'chifukwa chake Mazengera, mfumu ya Achewa, amene anthu ake adapanikizika paphiri la Nkhoma, adalandira amishoni mu 1896: mishoni pafupi inali ngati mpanda. Choncho Mngoni ndi Mchewa aliyense anali ndi chifukwa chake cholandirira sukulu, ndipo zifukwazo sizinkafanana ndi za amishoniwo.

Kuwerengera kwa Chiwere sikudapite pachabe. Asilikali a boma la atsamunda adagonjetsa Mwase wa ku Kasungu mu 1895, adapha Gomani mu 1896, adaphwanya Mpezeni mu 1898. Dziko la Chiwere lidalowa mu ulamuliro watsopanowo popanda nkhondo yotero, ndipo kukhalapo kwa mishoni pakhomo pake kudathandizako.

Mphunzitsi woyamba anali yani?

Ambiri amayankha kuti a Murray. Koma ganizirani: munthu amene wangokhala m'dziko chaka chimodzi ndi miyezi, akulimbana ndi malungo, akumanga nyumba, akuphunzira chilankhulo, angaimirire bwanji pamaso pa ana tsiku ndi tsiku? Amene adagwira kalasi ya Mvera poyamba anali mphunzitsi wakuda, Tomani, wochokera ku Cape Maclear, kumene a Livingstonia anali atasula kale gulu loyamba la odziwa kuwerenga Chinyanja. Ku Cape Maclear komweko n'kumene kunali a Albert Namalambe, munthu woyamba kubatizidwa ndi a Livingstonia mu 1881, amene adasiyiridwa siteshoniyo azungu atasamukira ku Bandawe, ndipo pambuyo pake adagwira ntchito ndi Adatchi omwewa.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kuigwiritsa, chifukwa ndi mmene zidakhalira mpaka mtsogolo. Mzungu ankasankha malo, kupeza ndalama, kusindikiza mabuku ndi kuyendera. Woimirira kutsogolo kwa ana, pafupifupi paliponse, anali mwana wa kuno konkuno. Zipilala ndi mayina a masukulu zimakumbukira a Murray, a Vlok ndi a Robert Blake a ku Kongwe, ndipo n'zowayenera. Koma mwa ana mazanamazana amene adaphunzira kuwerenga m'zaka zoyambirira, ochepa okha ndiwo adaphunzitsidwapo ndi mzungu maso ndi maso.

Tsiku la sukulu linkayenda bwanji?

Tiyerekeze kasukulu ka m'mudzi, poti n'kumene ana ambiri adaphunzira. Nyumba yake inali ya mitengo ndi dothi, yofolera ndi udzu, yomangidwa ndi eni mudzi. Nyumba yomweyo Lamulungu inali tchalitchi. Pamene panalibe nyumba, mthunzi wa mtengo unkakwanira. Mipando inali mitengo yogoneka pansi kapena timiunda ta dothi towumbidwa m'mizere. Poitana ana ankaimba ng'oma, lipenga la nyanga, kapena kumenya chitsulo chilichonse chimene chapezeka.

Ankayamba ndi nyimbo ndi pemphero. Kenaka mphunzitsi ankapachika pepala lalikulu la zilembo, n'kumaloza ndi kamtengo, ana n'kumayankha onse pamodzi: a, e, i, o, u, kenaka ba, be, bi, bo, bu, mpaka mawuwo kumamveka kumadimba. Masileti anali ochepa, choncho oyamba kumene ankasalaza dothi ndi chikhatho n'kulemba ndi chala. Mphunzitsi ankayenda pakati pawo atawerama, akapeza chilembo chopendekera n'kuchifufuta ndi phazi kuti mwana ayambirenso. Amene wadziwa kulumikiza zilembo ankapatsidwa kabuku koyambira, ndipo pamwamba pa zonse panali kuwerenga Uthenga Wabwino. Masamu anali owonkhetsa ndi ochotsera, pogwiritsa miyala kapena njere. Panalinso kuloweza mavesi ndi katekisimu.

M'kalasi imodzi munkakhala kamwana kosavala ndi mnyamata wa ndevu, nthawi zina ndi mayi wobereka mwana kumbuyo. Maola anali ochepa, ndipo sukulu inkagonjera kalendala ya munda: nthawi yolima, yopalira ndi yoingitsa mbalame ndi anyani, ana ankasowa. Palibe mphunzitsi wanzeru amene ankalimbana nazo zimenezo.

Kodi n'zoona kuti ana ankalipidwa kuti abwere kusukulu?

N'zoona kuti m'mamishoni ambiri a nthawi imeneyo ana ndi makolo ankayembekezera malipiro, ndipo maganizo awo anali olongosoka ndithu. Mzungu akakuitana kuti usenze katundu, ankakulipira nsalu. Akakuitana kuti uponde dothi la njerwa, ankakulipira mchere. Tsono akakuitana kuti ukhale pansi m'mawa wonse ukubwereza mawu ake, mbuzi zili zokha kudambo, imeneyo si ntchito? Njira imene amishoni ankatsata inali yosunga anyamata pa siteshoni, kuwapatsa ntchito ya manja yolipidwa mbali ina ya tsiku, mbali inayo n'kukhala m'kalasi.

Zinthu zidatembenuka m'zaka zochepa. Msonkho wa nyumba utafika kumtunda, amuna adayamba kupita kukagwira ntchito ku minda ya azungu ya ku Blantyre, ku Harare ndi ku Joni. Munthu ali kutali chonchi, kalata idakhala chinthu cha mtengo wapatali. Mayi amene mwamuna wake watumiza mawu ndi ndalama sankafuna kuti nkhani za m'nyumba mwake zizimveka pakamwa pa mwana wa eni. Chiphaso cha msonkho nachonso chinali pepala, ndipo wosadziwa kuwerenga ankatha kunamizidwa. Pamenepo midzi idayamba kutumiza nthumwi kukapempha mphunzitsi, ndipo m'malo molipira ana, mishoni idayamba kulandira kangachepe kuchokera kwa makolo: makobiri, mazira kapena chimanga.

Chifukwa china chinali ubatizo. Achinyamata olowa kalasi ya mpingo ankayembekezeredwa kudziwa kudziwerengera okha Mawu a Mulungu asanabatizidwe. Okalamba ankawamvera chisoni, koma kwa mnyamata ndi mtsikana njira ya ku mgonero inkadzera pa sileti.

Atsikana ankaphunzira nawo?

Ankaphunzira, koma movutikira. Mtsikana anali dzanja lamanja la mayi ake pa mtondo, pa chitsime ndi polera ana, ndipo akangotha msinkhu chinamwali ndi ukwati zinali pakhomo. Mwa Achewa, kumene mbumba imayendera kuchikazi, kupereka mtsikana kwa alendo kunali kupereka tsogolo la mudzi, ndipo atsibweni sankavomera msanga.

M'zaka za m'ma 1890 mayi Martha Murray adayambitsa pa Mvera nyumba yogonera atsikana, ndipo m'kupita kwa nthawi masiteshoni ena adatengera. Kuwonjezera pa kuwerenga, atsikanawo ankaphunzira kusoka, kuphika, kupanga sopo ndi kusamala makanda. Cholinga sichidabisike: kukonza akazi achikhristu oti akakwatiwe ndi aphunzitsi ndi alaliki. Lero tinganene kuti adawaikira denga lotsika, ndipo n'zoona. Komabe amayi amenewa ndiwo adakhala oyamba m'midzi yawo kuwerengera ana awo buku, ndipo m'mabanja otere ndimo mudatuluka aphunzitsi, anamwino ndi abusa ambiri a m'badwo wotsatira.

Sukulu imodzi idasanduka bwanji masukulu mazanamazana?

Njira yake inali yophweka ndi yotsika mtengo. Mnyamata amene wadziwa kuwerenga bwino pa siteshoni ankayamba kuthandiza mphunzitsi. Akaonetsa khalidwe, ankatumizidwa kumudzi kumene mfumu yapempha sukulu, atanyamula pepala la zilembo, masileti angapo, buku la nyimbo ndi Chipangano. Iyeyo ndiye anali mphunzitsi, mlaliki wa Lamulungu, mlembi wa makalata a mudzi, ndipo nthawi zina woweruza timilandu ta Akhristu. Pakapita miyezi ankabwerera ku siteshoni kukawonjezera maphunziro ake, kenaka n'kubwereranso kumudzi. Nthawi zambiri ankangotsogola ana ake ndi masitepe awiri kapena atatu. Mwa ana akewo, wochenjera ankatumizidwa ku siteshoni, ndipo gudumu linkazunguliranso.

Masiteshoni nawo adachuluka: Kongwe mu 1894 pansi pa a Robert Blake, Livulezi amene adalandiridwa kuchokera kwa a Livingstonia, Nkhoma mu 1896, Mlanda mu 1902, Mphunzi mu 1903, kenaka Malingunde, Chinthembwe, Mchinji ndi Dzenza. Siteshoni iliyonse inali ndi tisukulu take tozungulira. Nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi itatha mu 1902, antchito atsopano ambiri adabwera kuchokera ku South Africa, ndipo mu 1903 Sinodi ya ku Cape idatenga udindo wonse wa mishoniyi kuchoka m'manja mwa kabungwe ka abusa kaja. M'zaka zomwezo pa Mvera padakhazikitsidwa sukulu yeniyeni yosulira aphunzitsi. Pamene nkhondo yoyamba ya dziko lonse inkayamba mu 1914, masukulu a Adatchi anali atafika mazana angapo.

Kuchuluka kumeneku kunali ndi mtengo wake. Tisukulu tambiri tinali tofooka, mphunzitsi wolipidwa pang'ono, woyendera wobwera mwa apo ndi apo. Ana ambiri ankasiya atangodziwa kugwirizanitsa zilembo. Amishoni adasankha kufesa mofalikira m'malo mozamitsa, ndipo adachita zimenezi akudziwa.

N'chifukwa chiyani ankaumira Chingerezi?

Funso ili limawawa mpaka lero, ndipo mayankho ake ndi awiri amene onse ndi oona.

Loyamba: Adatchi ankakhulupirira kuti mwana aphunzire m'chilankhulo cha mayi ake, ndi kuti cholinga cha sukulu n'kukonza anthu okonda Baibulo, akhama pa ntchito, okhazikika m'midzi mwawo ndi okhuta. Sankafuna kusula makalaliki oti azikathamangira m'matauni. N'chifukwa chake adalimbikira ulimi, ukalipentala, kuwumba njerwa, kufufuta zikopa ndi kusoka nsapato, kuluka ndi kuwomba nsalu. Gulu la ku America lofufuza za maphunziro la Phelps-Stokes, limene lidayendera masukulu a kuno mu 1924 motsogozedwa ndi a Thomas Jesse Jones, lidawayamikira kwambiri pa mbali imeneyi. Ndipo zipatso zake pa chilankhulo chathu n'zosakanika. Makina osindikizira a mishoniyi adatulutsa mabuku ambiri a Chinyanja, magazini ya Mthenga idayamba mu 1909, ndipo alembi ngati a Samuel Josia Ntara, amene anali mphunzitsi wa mishoni yomweyi, adakulira m'mwambo wolemba m'chilankhulo chawo mosachita nacho manyazi.

Lachiwiri: amishoniwa ankachokera m'dziko limene maganizo olekanitsa mitundu ankakula chaka ndi chaka, ndipo mu 1935 mpingo wawo udalemba poyera mfundo za umishoni zokomera kuti mtundu uliwonse uzikula paokha. Chingerezi sichinali chilankhulo chawo, ndipo kwa ambiri a iwo chinali chilankhulo cha adani amene adawagonjetsa pa nkhondo. Chinkaphunzitsidwa ndithu m'masukulu a pa siteshoni, koma mochedwa ndi mopimira. Pamene ku Khondowe, kumene Dr Laws adatsegula sukulu yaikulu ya a Livingstonia mu 1894, anyamata ankatuluka oti n'kugwira ntchito ya ukalaliki, ya telegalafu ndi ya chipatala kulikonse kuyambira ku Tanganyika mpaka ku Cape, mnyamata wa ku Dowa ankatuluka wodziwa Baibulo ndi mpeni wa kalipentala.

Akulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma sadanene kuti kalumoko kadzameta mbali zonse mofanana. Zotsatira zake zidaoneka m'maofesi a boma: kwa zaka zambiri makalaliki, omasulira ndi akapitawo ankachokera kwambiri kumpoto ndi kumwera, chigawo chapakati chili m'mbuyo. Anthu eni ake adaziona msanga. Pamene siteshoni ya Kasungu inkachoka m'manja mwa a Livingstonia kupita kwa Adatchi m'zaka za m'ma 1920, nkhawa ya ambiri kumeneko inali yomweyi ya maphunziro. Dr Kamuzu Banda, amene adayambira sukulu ku Kasungu, adaphunzira nthawi imene derali linali likadali la a Livingstonia.

Kuweruza kwanga n'kwakuti kuyamba ndi chilankhulo cha mwana kunali kolondola, ndipo akatswiri a maphunziro lero amavomereza zomwezo. Cholakwa chinali kusankhira anthu polekezera. Makolo a ku Dowa ndi ku Lilongwe sadafunsidwe ngati akufuna kuti ana awo akhale alimi okhaokha.

Kodi panali otsutsa sukulu?

Analipo, ndipo sanali opusa. Akuluakulu a mudzi adaona kuti mphunzitsi, kamnyamata kopanda imvi, wayamba kukhala ndi mawu oposa awo. Mpingo unkaletsa mowa, mitala, chinamwali cha makolo ndi gule wamkulu, ndipo sukulu ndiyo inali khomo lolowera zoletsa zonsezo. Mkangano waukulu udali ndi Nyau. Dambwe nalo linali sukulu, lophunzitsa mwambo, ulemu ndi zinsinsi za amuna, ndipo mnyamata mmodzi sakadatha kukhala wa mbali zonse ziwiri. M'zaka za m'ma 1920 kulimbana kumeneku kudafika povuta m'madera ambiri a chigawo chapakati: makolo ena ankalowetsa ana ku dambwe akadali aang'ono kuti sukulu isawapeze, ndipo amishoni, Adatchi ndi Akatolika omwe, ankadandaula ku boma kuti liletse gule. Boma la atsamunda, losafuna kudana ndi mafumu amene ankalitolera msonkho, silidapereke chiletso chimene amishoni ankafuna.

Mpikisano wina udali wa mipingo yokhayokha. Ansembe a Chikatolika a White Fathers atakhazikika ku Mua mu 1902, kenaka ku Likuni ndi ku Kachebere, kudayamba liwiro lolanda midzi. Mudzi ukalandira mphunzitsi wa mbali imodzi, unkawerengedwa wa mbali imeneyo. Ena mwa masukulu amene lero amanyadira zaka zawo adabadwa mothamanga chonchi, kuti mnzawo asayambe kufika. Mafumu ena adaphunzira kugwiritsa ntchito mpikisanowu, kuopseza mbali ina kuti aitana inzake.

Boma linali kuti nthawi yonseyi?

Linali pa msonkho. Kwa zaka zoposa khumi ndi zisanu silidaikepo kanthu pa maphunziro a anthu akuda. Mu 1907 lidayamba kupereka mapaundi 1,000 pa chaka, oti mamishoni onse a m'dziko muno agawane. Dipatimenti ya maphunziro idakhazikitsidwa mu 1926, ndipo sukulu ya Jeanes ku Domasi, yosula aphunzitsi oyendera anzawo m'midzi, idatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Sekondale yoyamba, ya Blantyre, idadikira mpaka 1940.

Zisanachitike zimenezi, mamishoni ankadzikonzera okha malamulo a maphunziro pa misonkhano yawo: ku Livingstonia mu 1900, ku Blantyre mu 1904, ndipo wachitatu, wa mu 1910, udachitikira pa Mvera pomwepa. Patangopita zaka 20 chiyambire kalasi ya Tomani, atsogoleri a mamishoni a Chipulotesitanti adakwera mapiri a Dowa kudzakambirana za tsogolo la masukulu ndi mipingo ya dziko lonse.

Ngati Mvera inali yofunika chonchi, bwanji likulu lili ku Nkhoma?

Matenda a kaodzera, ofalitsidwa ndi ntchentche za kashembe, adabuka m'zigwa za kunyanja kufupi ndi Mvera. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatsala pang'ono, likulu la mishoni lidasamukira ku Nkhoma, ndipo sukulu ya aphunzitsi ndi makina osindikizira zidatsatira. Amene ankatsogolera nthawiyo anali a William Hoppe Murray, amene adafika mu 1894, ndipo pambuyo pake adalowa m'malo mwa a A.C. Murray atabwerera kwawo. Sukulu ya William Murray ya ku Nkhoma imatchedwa dzina la iwowa, osati la woyambitsa Mvera. Anthu ambiri amawasokoneza awiriwa, ndipo n'zomveka, poti a Murray adabwera ambiri m'mishoniyi. Mvera idatsala ngati siteshoni wamba yokhala ndi mpingo ndi sukulu yake.

Kodi pali ubale wanji pakati pa masukuluwa ndi Buku Lopatulika?

Msonkhano wa 1900 uja udagwirizana zomasulira Baibulo limodzi la Chinyanja loti mamishoni onse azigwiritsa ntchito, ndipo mtolo waukulu udagwera a W.H. Murray, mothandizana ndi a Blantyre monga a Alexander Hetherwick ndi a Robert Napier, pamodzi ndi aphunzitsi akuda amene ankayesa chiganizo chilichonse ngati chikumveka m'khutu la mwini chilankhulo. Baibulo lonse lidatuluka mu 1922. Likadafika m'dziko la anthu osawerenga likadangokhala m'mabokosi. Lidapeza owerenga zikwizikwi okonzeka kale, ndipo m'nyumba zambiri lidakhala buku lokhalo kwa zaka. Kalembedwe ndi mawu ake zidalowa m'makalata, m'mapemphero ndi m'malankhulidwe a pabwalo, kotero kuti Chichewa cholembedwa chimene boma lidachikweza kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968 chidali ndi fungo la masukulu amenewa.

Kodi ntchitoyi idadutsa malire a Malawi?

Idadutsa. Mpezeni atagonjetsedwa, alaliki akuda a mishoniyi ndiwo adatsogola kukafika kwa anthu ake, ndipo mu 1899 mpingo wa Dutch Reformed wa ku Orange Free State udatsegula siteshoni pa Magwero, pafupi ndi Chipata wa lero. Umo ndi mmene udayambira mpingo wa Reformed Church in Zambia ndi masukulu ake. Ku Mozambique, m'dera la Angonia, siteshoni ya Mphatso idatsegulidwa mu 1909, koma Apwitikizi adatseka ntchitoyo mu 1922. Ndipo mu 1912 a Vlok, omwe aja a msasa wa pa Mvera, adasamukira ku Salisbury, Harare wa lero, kukatumikira anthu a ku Nyasaland ogwira ntchito kumeneko, ambiri a iwo ophunzira akale a tisukulu ta m'midzi.

Masukuluwa adakhala liti m'manja mwa Amalawi?

Pang'onopang'ono. Abusa oyamba akuda, a Andreya Namkumba ndi a Namon Katengeza, adadzozedwa mu 1925. Mu 1926 Nkhoma idalowa mu CCAP, imene a Livingstonia ndi a Blantyre adayambitsa mu 1924. Mu 1962 mishoni idapereka ntchito zake zonse, masukulu omwe, m'manja mwa Sinodi ya Nkhoma. Masiku ano masukulu ambiri a pulayimale otere ndi a mpingo pa umwini, koma aphunzitsi ndi silabasi ndi za boma.

Ndikufuna kulemba mbiri ya sukulu ya kwathu. Ndiyambire pati?

Yambani ndi anthu, chifukwa mapepala adikira koma okalamba sadikira. Afunseni mafunso ogwirika: sukulu isanafike pamene ilipa inali pati, mphunzitsi woyamba amene akumukumbukira anali mwana wa yani ndipo adachokera siteshoni iti, mfumu imene idapereka malo inali iti, ankalipira chiyani, ankaimba nyimbo zanji. Funsani amayi padera, poti pamaso pa amuna ambiri amangovomereza. Funsaninso a mbali ya gule, chifukwa nkhani ya kubwera kwa sukulu amaidziwa mwa njira ina, ndipo nthawi zina ndiwo amakumbukira bwino malo ndi mayina.

Chenjerani ndi chaka cholembedwa pa chikwangwani cha pamsewu. Chikhoza kukhala chaka chimene boma lidalembetsa sukuluyo kapena chimene mdadada woyamba wa njerwa udamangidwa, pamene kasukulu ka udzu kanalipo kale zaka zambiri m'mbuyo, mwinanso pamalo ena ndi dzina lina. Midzi inkasamuka, ndipo sukulu inkasamuka nayo.

Mukatero pitani ku mpingo umene sukuluyo inali pansi pake mukapemphe mabuku a ubatizo ndi a misonkhano ya akulu a mpingo, poti mayina a aphunzitsi ndi midzi imene ankatumizidwa amapezeka mmenemo. Zolemba zina zili ku likulu la Sinodi ku Nkhoma ndi ku National Archives ku Zomba, kumene kulinso malipoti a ma DC ndi a dipatimenti ya maphunziro kuyambira 1926. Makalata ndi malipoti a amishoni eni ake ambiri akusungidwa ku nyumba ya zolemba zakale ya mpingo wa Dutch Reformed ku Stellenbosch, ndipo ochuluka adalembedwa m'Chidatchi ndi m'Chiafrikaans, choncho mudzafunika wokuwerengerani. Pofufuza, yesani kalembedwe kangapo ka dzina la mudzi wanu, chifukwa amishoni ankalemba Mkhoma pamene ife timalemba Nkhoma.